Mwendo wa Achemwali

Kochapira zovala kuja, kuseri kwa siteshoni ya mabasi, palibe amene ankamuitana ndi dzina la pa chiphaso. Onse ankangoti Nasimbi, chifukwa chiyambire utsikana wake dzanja lake lamanja silinasiyane ndi simbi. Ankasita malaya a anthu a m'maofesi, madiresi a akwati, makatani a m'mahotela, ndi mayunifolomu a alonda aja amene thukuta lake silimva sopo. Chipinda chake chinali chakumapeto, kazenera kamodzi m'mwamba, mahang'ala ali ndandanda pa chitsulo, nthunzi ili tolotolo. Anali mayi wa mtima wapachala. Ukabweretsa malaya utaiwalamo cholembera chosatseka, unkamva mbiri ya mtundu wako wonse usanafike pakhomo.

Koma mayi yemweyu ankalemba. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankakhala patebulo lodyera n'kudzaza mapepala, Loweruka n'kukataipitsa. Analemba buku lathunthu, ndipo chimene chinamulembetsa ndi ichi.

Amayi ake atagwa sitiroko n'kuyamba kusokonezeka mutu, amene anawasamalira anali akulu ake, achemwali, mayi wofatsa wotsimphina mwendo wamanzere chibadwire. Nasimbi nthawi imeneyo anali pabanja kwina. Ankabwera mwa apo ndi apo, atanyamula sopo ndi malangizo. Tsiku lina anapeza chitseko cha chipinda cha amayi chili ndi mpiringidzo wachitsulo kunja kwake. Ha! Anakalipa mpaka oyandikana nawo anatuluka ndi zipande m'manja. Anati achemwali akusunga amayi ngati mbuzi. Achemwali anangopitiriza kutsuka beseni. Amayi atamwalira ndi pamene mayi wina wa nyumba yoyandikana anamuuza zoona zake. Amayi ankati akaona mpata ankathawira kumsewu waukulu, ati kukachingamira ana awo ochokera kusukulu, ana amene anali atamera kale imvi. Kamodzi lole inawaphonya pang'onong'ono, achemwali akuwathamangira ndi mwendo wawo uja mpaka kugwa pa phula. Mpiringidzo achemwali ankautseka akamapita kukagula mankhwala basi.

Pakamwa pa Nasimbi pankatuluka chilichonse kupatula mawu oti pepani. Ndiye analemba buku. Mutu woyamba unali wa mkazi wolusa, wonena kuti "ine", akusimba nkhanza za mkulu wake wotsimphina amene ankatsekera mayi awo m'chipinda. Mutu womaliza unali wa mkazi yemweyo atadziwa za lole ija, manyazi atamugwira, akuona kuti woipa anali iyeyo amene sankabwera. Mayina onse anasintha. Koma mwendo anausiya momwemo, ndi beseni lobiriwira, ndi kanyimbo kamene achemwali ankaimba chamumtima akamatsuka mbale. Maganizo ake anali oti bukulo likadzatuluka adzaliika m'manja mwa achemwali, lidzamunenere zimene lilime linkakana.

Mkonzi wa ku kampani yosindikiza mabuku anali mnyamata wamagalasi, nsapato zonyezimira, malaya osita mwaulesi. Nasimbi anaona kolala yopindika asanaone nkhope.

"Buku ndi labwino, mayi, sindinama. Koma muli ndi okutsatirani angati pa intaneti?"

"Onditsatira ine? Amanditsatira ndi abwana anga okha, malaya akachedwa."

Mkonzi anaseka kuseka kwa muofesi. Anati masiku ano sasindikiza buku la munthu wosadziwika, chifukwa limangodya fumbi pa shelefu. Atsegule tsamba pa masamba a mchezo, anthu amudziwe, azimukonda, azimudikira. Aziika mutu umodziumodzi wa bukulo. "Koma mapeto musaulule. Mapeto ndiwo tidzagulitse."

Nasimbi anatuluka mtima ukuwira. Zaka zonsezi akudzuka m'mamawa, lero akuuzidwa kuti kulemba sikokwanira, avinenso pamsika! Koma anatsegula tsambalo. Anaika chithunzi cha mapepala ake. Anaika mawu a momwe amadzukira kukalemba. Miyezi inapita, omuyankha anali akazi a abwana ake ndi bambo wina wogulitsa mankhwala okulitsa ziwalo, amene ankaika nambala yake pansi pa chilichonse. Bandulo inkatha, tsamba lili zii.

Apa ndi pamene analowererapo mlamu wake, mkazi wa mlongo wake wamng'ono, wogulitsa mawigi ndi mafuta onunkhira pa foni. Ameneyo ndiye ankaidziwa intaneti ngati khitchini yake. Wigi imodzi ankaivala, kuijambula, kuilirira, mpaka itagulidwa.

"Alamu, inu mukugulitsa ngati muli pamaliro. Bweretsani pasiwedi kuno, mawa muona."

Nasimbi anapereka. Mawa lake nthawi yopuma masana anatulutsa foni m'thumba la epuloni, n'kupeza ikunjenjemera yosalekeza. Mlamu anali ataika mutu woyamba uja, mawu onse momwe analili. Koma mzere wapamwamba wonena kuti ili ndi buku lopeka anali atauchotsa. M'malo mwake analemba ndi zilembo zikuluzikulu: NDAKHALA CHETE NTHAWI YAITALI. IZI NDI ZIMENE ACHEMWALI ANGA ANAWACHITA AMAYI ATHU. Pansi pake anaika chithunzi chenicheni cha amayi ali pampando wa pakhonde, ataonda, ndipo chakumbali kunkaoneka achemwali ataimira mwendo umodzi monga mwa nthawi zonse.

Anamuimbira mlamuyo pomwepo.

"Iwe! Wakutuma ndani? Chotsa zamkutuzi pompano!"

"Alamu, ndanama pati? Mawu ndi anu onse. Mpiringidzo unalipo kapena panalibe?"

"Limeneli ndi buku, chitsiru iwe!"

"Buku ndani amawerenga? Anthu amafuna za munthu weniweni. Taonani kaye manambala. Ndipo mukadzafika kumapeto aliyense adzalira, achemwali adzasanduka mngelo. Mukuopa chiyani?"

Asanapume, foni inaliranso. Anali mkonzi, mawu ali m'mwamba ngati wapambana mpikisano. "Mayi, musakhudze chilichonse! Zimenezi ndiye timafuna. Sabata yamawa bwerani tikambe za chikuto."

Nasimbi anaima pakati pa mahang'ala, chala chili pamwamba pa mawu oti chotsa. Ndipo sanachotse. Tisamunamizire kuti anasokonezeka mutu kapena kuti mlamu anamukakamiza, ayi. Zinamukomera. Moyo wake wonse anthu ankalandira malaya osamuyang'ana kumaso, lero anthu zikwizikwi osawadziwa ankamutcha mlembi wathu, mayi wolimba mtima, ankati alira, ankati sanadye. Anadziuza kuti akonza mawa. Anadziuzanso kuti achemwali ali ndi kafoni ka mabatani kongoimbira, za pa intaneti sangazione. Ngati kuti nkhani imafuna foni kuti ifike m'khutu la munthu!

Mawa linafika, m'malo mokonza Nasimbi anaika mutu wachiwiri. Linafikanso mawa lina, anaika wachitatu. Ndemanga zinali mbwee. Ena ankati mkazi wotere ngofunika kumangidwa. Ena ankati kutsimphinako ndi chilango. Ena ankasimba za azakhali awo oipa, n'kuyamba kutukwanizana okhaokha. Ndiye pakati pa phokoso lonselo wina analemba kuti: "Wotsimphinayu ndimamudziwa. Amagwira ntchito kunyumba ya geti yofiira kumtunda kuja, akusamalira gogo wina wodwala. Eni ake akudziwa koma?" Nasimbi anaiona ndemangayo madzulo, anaifufuta msangamsanga. Koma anthu anali ataijambula kale n'kuitumiza kwina.

Kusamalira okalamba ndiyo inali ntchito ya achemwali chimwalirire amayi. Sankadziwa ina. Ankadziwa kutembenuza munthu wogona kuti asachite zilonda, kumwetsa munthu wokana mankhwala, kusambitsa nkhalamba osaichititsa manyazi. Ntchito yotere ilibe satifiketi. Munthu amakulemba chifukwa wina wamuuza kuti mayi uyu ndi wa mtima wabwino. Mbiri imeneyo ikatha, palibenso chogwira.

Achemwali anabwera kochapira kuja m'mawa wina dzuwa litakwera, nthawi imene amayenera kukhala akusambitsa gogo uja. Nasimbi anamva kaye mapazi, lina lolemera lina lokhwekhwereza. Achemwali analowa atanyamula jumbo, mkati muli epuloni ndi masilipasi awo a kuntchito. Anakhala pa benchi ya makasitomala, n'kupuma kaye.

"Andichotsa ntchito."

"Achemwali..."

"Akuti ndinapha amayi ndi njala. Akuti ndinkawatsekera ngati galu. Ndinati bodza limeneli wanena ndani? Mwana wa gogo uja anandionetsa foni. Ndinaona amayi pakhonde. Ndinaona nkhope yako pamwamba." Anamuyang'ana, maso ouma. "Sindinabwere kudzakangana, mlomo ndilibe ngati wako. Ndimafuna ndione ngati ulidi iweyo."

Ananyamuka, n'kutuluka ndi jumbo yawo. Nasimbi anangowayang'ana akupita. Chimene chinamudzidzimutsa ndi fungo. Simbi inali itakhala pamsana pa malaya oyera a loya wina, ndipo itachotsedwa panatsala chithunzi chake chabulauni, chokwanira bwinobwino ndi timabowo tomwe. Chiyambire ntchito anali asanawotchepo chovala cha munthu.

Tsiku lomwelo anaika mutu womaliza pa tsamba, wonse, wa lole, wa manyazi, n'kulemba pamwamba kuti ili ndi buku, achemwali anga ndi munthu wabwino. Anadikira. Koma abale, anthu aja amene ankati sadya chifukwa cha iye anapita kuti? Owerenga mutuwo anali owerengeka. Wina anati ndi wautali, wina atiuze mwachidule. Wina anafunsa kuti wotsimphina uja wamangidwa kapena ayi.

Ndiye anajambula kanema. Anaimika foni pa thabwa lositira, n'kulankhula yekha, maso ali psuu. Anati nkhani ija ndi yopeka, amene anasamalira amayi ndi achemwali, amene anathawa ndi iyeyo. Kanemayo ndiye anayenda ngati moto wa m'tchire louma, koma tamvani zimene anthu ankanena. "Amuopseza, taonani maso akewo." "Achibale amukhalira pansi, timazidziwa izi." "Limbani mtima mayi, ife tili pambuyo panu, musabweze mawu." Omutsatira anachuluka kuposa kale. Nasimbi anawerenga mpaka manja anachita dzanzi. Anayankha mmodzi ndi mawu oti sitingawalembe pano, ndipo anthu anakondwa nawonso mawuwo, ati mayiyu sabisa.

Nasimbi anapita kwa mlamu wake, n'kumupeza akupesa wigi pa chidole.

"Alamu, musandiyang'ane choncho. Munali ndi foni m'manja masiku onsewa. Ine ndinaika mutu umodzi, inayo munaika nokha."

Zimenezi ndiye zinamupsetsa mtima Nasimbi koposa, kuti wamawigi ankanena zoona.

Ku kampani ya mabuku mkonzi anayamba ndi kudandaula. Mapeto aululika, tsopano agulitsa chiyani? Kenako nkhope inamuwala. Anati palibe choipa, nkhaniyi ikhoza kukoma kuposa kale. Tsiku lokhazikitsa buku abwere nawo achemwaliwo, akhale kutsogolo, awiriwa akumbatirane makamera akujambula. "Anthu amakonda kukhululukirana, mayi. Ngati angabwere ndi ndodo yoyendera, ndiye bwino kwambiri."

"Sayendera ndodo."

"Ya tsiku limodzi lokha."

Nasimbi anaimirira, mpando unagwa chagada. "Iwe mwana iwe, amayi ako alipo? Ukawatenge, uwapatse ndodo, uwavinitse pa kamera yakoyo! Achemwali anga asambitsa anthu amene ana awo ankanyansidwa kuwagwira, lero ukufuna uwaike pa shelefu ngati chidole? Munandiuza kuti buku ndi labwino. Labwino linkafunanso chiyani? Bweretsa mapepala anga!" Alembi a m'maofesi ena anasuzumira m'zitseko. Nasimbi analanda envelopu yake patebulo, ndipo ali pakhomo anatembenuka. "Ndipo amene amakusitira malayawo umuuze kuti kolala amayambira kunsi."

Anakwera basi kupita kumtunda, kunyumba ya geti yofiira. Mwana wa gogo uja, mayi wa suti ndi makiyi a galimoto m'manja, anamumvetsera ali mkati mwa geti, osatsegula. Nasimbi anafotokoza zonse, anatulutsa mapepala, anaonetsa masiku amene anataipitsa.

"Mwina mukunena zoona," anatero mayiyo. "Mwinanso munkanena zoona poyamba paja. Ine ndidziwa bwanji? Amayi anga ndi amodzi, sindingayesere pa iwo. Ndipo tapeza kale wina."

M'nyumbamo munkamveka mawu a nkhalamba, opyapyala, akuitana achemwali mobwerezabwereza. Mayi wa suti anacheuka, nkhope inamugwa pang'ono, koma geti sanatsegule.

Ali m'basi yobwerera Nasimbi anatseka tsamba lonse, ndi anthu ake zikwizikwi. Foni inamufunsa ngati watsimikiza. Anatsimikiza. Koma zinathandiza chiyani? Mutu woyamba uja unali utajambulidwa kale, unkayenda wokha m'magulu a mipingo, a makolo a kusukulu, a ogulitsa kaunjika, wopanda mutu womaliza, wopanda mwini wake.

Anapita kunyumba ya amayi, kumene achemwali ankakhalabe. Anawapeza pakhonde akusoka batani pa diresi yawo yabuluu yopitira koyenda. Chitseko cha chipinda cha amayi chinkaoneka kuchokera pakhonde, mpiringidzo uja ulipobe, wachita dzimbiri. Nasimbi sanapatsidwe mpando. Anakhala pansi pa simenti, natulutsa mapepala.

"Ndikufuna ndikuwerengereni mapeto ake."

"Werenga."

Anawerenga za msewu, za lole, za mkazi wotsimphina akugwa pa phula atagwira mayi ake chovala. Achemwali sanasiye kusoka. Atamaliza, anadula ulusi ndi mano.

"Watha?"

"Ndatha."

"Walemba bwino. Za lole ija ndimayesa sukuzidziwa." Anatembenuza diresi, kuyang'ana batani. "Kuchoka kwanu kufika pano ndi basi imodzi. Zaka zonsezi ukanangobwera, n'kukhala pamene wakhalapo, n'kunena kuti achemwali ndinakulakwirani. Ine ndikanakuwiritsira tiyi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma iwe unaona chapafupi kuuza dziko lonse, n'kuyambira koipa."

"Pepani, achemwali."

Mawu aja anatuluka tsopano, ndipo anali aang'ono zedi. Nasimbi anadabwa kuti kanthu kochepa chonchi ndi kamene anakalembera buku lonse.

"Ndamva," anatero achemwali. "Mawa ndikukafuna ntchito kutsidya kwa tauni. Akuti kuli bambo wina wakhungu, ana ake akufuna munthu. Undisitire diresi iyi, popeza zimenezo ndiye umazitha."

Anaisita ndi simbi ya makala ya amayi, patebulo, atayala bulangeti. Anayambira kolala, chakunsi, kenako manja, kenako mapindiro onse limodzilimodzi. Sanasitepo chovala cha mkwati aliyense momwe anasitira diresi imeneyo. Anagona komweko, ndipo m'mawa anati awaperekeza. Achemwali sanavomere, sanakanenso.

Pa siteji ya basi panali anthu ambiri opita kuntchito. Amayi awiri atanyamula zikwama za kuofesi anasiya kucheza. Mmodzi anayang'ana pansi, pa phazi lokhwekhwereza lija, n'kutulutsa foni, n'kugunda mnzake ndi chigongono. Sanayang'ane nkhope n'komwe. Nasimbi magazi anamuthamangira kumutu, anafuna awalumphire, awaphwanyire foniyo pa phula. Koma anadziwa kuti wina ajambula, ndipo pofika masana akhala atayambiranso. Anangosintha mbali mwakachetechete, n'kuyenda kumanzere kwa achemwali, pafupi kwambiri, siketi yake ikutchinga mwendo uja.

Achemwali anaima.

"Choka apo."

"Ndimati anthuwa..."

"Ndati choka. Mwendo uwu ndayenda nawo moyo wanga wonse, ndipo sunandichititsepo manyazi mpaka iwe utaulemba."

Nasimbi anabwerera m'mbuyo. Achemwali anadutsa pakati pa amayi awiri aja, diresi ili mya, phazi lina lolemera lina lokhwekhwereza, n'kukwera basi okha.